Alendo a Kumapeto kwa Chilimwe: Kodi Alipo Amene Akulemba za Kufika Kwawo?

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, dziko lathu limaoneka lotopa. Tchire lapsa, mitsinje yaing'ono yasanduka mchenga, ndipo nyenje zimalira m'mitengo kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, kulira kolasa m'makutu. M'tchalitchi cha malata amayi amadzikupiza ndi mabuku a nyimbo, ana nayamba kusinza ulaliki usanafike ndi pakati pomwe. Minda yasosedwa, mizere yakonzeka, ndipo munthu aliyense akatuluka m'nyumba maso ake amathamangira kumwamba kukafuna mtambo.

Lamulungu lina la nyengo yotereyi, titaweruka ku mapemphero, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti dzuwa lizizireko. Pakati pathu panali agogo ena a Chigwirizano amene maso awo anayamba kale kuchita chidima. Mwadzidzidzi anatukula dzanja nati, "Tamverani! Afika alendo aja."

Anyamata anatembenukira kumsewu, koma kunalibe munthu.

"Agogo, alendo ake ati?" anafunsa mmodzi.

"Ana inu, kodi makutu munasiya kunyumba? Kwezani maso."

Tinakweza maso. Kutali m'mwamba, pafupifupi posaoneka, kunali kagulu ka mbalame kakuuluka kulowera kumwera, kakulira ndi mawu ofewa onga a kapito kothira madzi. Anali afulagombe ochokera ku Ulaya. Agogowo sanawaone, koma anawamva, ndipo anatiuza kuti chaka chilichonse mawu amenewa amamveka mvula yoyamba isanagwe, ndi kuti mayi awo ankati akawamva ankatulutsa mbewu ya chimanga kuti aione ngati anankafumbwe sanailowe.

Ndinapita kunyumba ndili ndi chimwemwe chosakanizika ndi nkhawa. Agogo aja ali ndi buku lathunthu m'mutu mwawo, buku la zaka zambiri, lonena za mbalame imene imayamba kufika, imene imatsatira, ndi imene imabwera pamodzi ndi mvula. Koma bukulo silinalembedwe papepala, ndipo anyamata amene anakhala nawo pamthunzi paja sanathe kutchula maina a mbalame okwana ngakhale khumi. Tsiku limene agogowo adzatisiye, bukulo lidzaikidwa nawo m'manda.

Zimene zikuoneka masabata ano

Woyamba kufika ndi mphamba. Mayi aliyense woweta nkhuku amamudziwa: thupi lodera, mlomo wachikasu, ndi mchira wamphanda umene amaupotoza uku ndi uku pozungulira pamwamba pa mudzi. Koma ndi angati mwa ife amene anazindikirapo kuti cha mu Meyi ndi Juni mphamba ameneyu saoneka? Amapita ku maiko a kumpoto, mu Africa momwemuno, nabwerera cha mu Julayi kapena Ogasiti. Pofika Okutobala amakhala atakhazikika, ali kalikiliki ndi zisa, ndipo moto wa tchire ukayaka mudzamuona akuzungulira mu utsi kutola ziwala zothawa.

Za anamzeze tiyenera kufatsa nazo, pakuti ambiri timawayesa mtundu umodzi. Alipo anamzeze a kuno kwathu amene amamanga zisa zadothi pansi pa milatho ndi m'makonde a matchalitchi. Wodziwika kwambiri mwa iwo ali ndi mutu wofiira ndi chifuwa cha mizeremizere yakuda. Koma kuyambira kumapeto kwa Seputembala, makamaka mu Okutobala, pamawaya a magetsi ndi pamwamba pa madambo pamaoneka namzeze wina. Msana wake ndi wakuda monyezimira, pakhosi ndi pamphumi ndi pofiira moderapo, pachifuwa pali mkanda wakuda, ndipo mimba ndi yoyera yopanda mizere. Ameneyu simudzamupeza akumanga chisa kuno ngakhale mufune chotani. Chisa chake chili m'khola la ng'ombe kapena m'nkhokwe ya mlimi wa ku Ulaya kapena kumadzulo kwa Asia. Kuno amabwera kudzadya tizilombo touluka ndi kudzasintha nthenga, nabwerera kwawo cha mu Epulo. Kulemera kwake ndi pafupifupi magalamu 20, ndiye kuti pafunika anamzeze 50 kuti afanane ndi paketi imodzi ya shuga ya kilogalamu. Kambalame kotereka kamadutsa nyanja ndi chipululu kawiri pachaka. Madzulo amasonkhana miyandamiyanda kukagona m'bango, ndipo amene amakhala pafupi ndi dambo lalikulu angachite bwino kupita kukaimako dzuwa likulowa, aone mtambo wa mbalame ukutsikira m'bangomo mdima usanagwe.

Fulagombe wa ku Ulaya, amene agogo aja anamumva, ndi wokongola koposa: pamutu ndi pamsana pofiirira, pakhosi pachikasu, kumimba kobiriwira ngati madzi akuya. Ali ndi mbale wake wofiira thupi lonse amene amaswa kuno ku Africa. M'magombe a mtsinje wa Luangwa ku Zambia, m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, afulagombe ofiirawa amakumba mauna mazanamazana pagombe limodzi, naikira mazira m'katimo. Ali pa liwiro ndi nyengo, chifukwa ana ayenera kuuluka mtsinje usanadzaze ndi kugumula gombelo.

Amene amayenda madzulo m'njira za m'nkhalango ya mombo ndi tsamba angakumane ndi chinthu chodabwitsa. Lumbe timamudziwa tonse, mbalame ya usiku ya kukamwa kwakukulu imene imakhala pakati pa msewu maso ali psuu. Koma nyengo ino kumabwera lumbe wina, wochokera kumpoto kwa Equator, amene tambala wake amamera nthenga imodzi yaitali yoyera pa phiko lililonse, yotalika kuposa theka la mita. Akamauluka m'chisisira amaoneka ngati akukoka nsalu ziwiri. Anthu ena akamuona amathawa, namanena zamatsenga. Palibe tsenga apa. Nthengazo ndi zokopera mkazi, ndipo nyengo yoswa ikatha zimathothoka. Mkaziyo samanga chisa: amaikira mazira ake pansi penipeni, pamasamba ouma. Mfundo imeneyi muisunge, tidzabwereranso kwa iyo.

M'mitengo ikuluikulu ya pamishoni ndi ya kumanda mumamveka mbalame ina yolira mawu atatu otsikatsika, mobwerezabwereza, usana ngakhale usiku. Kuiona n'kovuta. Angerezi amaitcha red-chested cuckoo. Siilera ana ake. Imaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, mwini chisa nalera mwana wa eni. Ikayamba kulira, alimi a m'madera ambiri a Africa amati mvula yayandikira.

Kenaka chizimalupsa chimagwa, ndipo nthaka imene inaoneka yakufa imatulutsa zamoyo usiku umodzi wokha. Inswa zimatuluka m'zulu, abongololo amadutsa pabwalo, finye amafufuma m'mizere, kamba amene anabisala miyezi yonseyi amapezeka akuwoloka msewu, ndipo achule amayamba msonkhano wawo kudambo. Pamodzi ndi mvula ya Novembala amafika adokowe. Alipo aang'ono akuda a mimba yoyera, amene m'mabuku amatchedwa Abdim's stork. Amenewa amaswa kumwera kwa chipululu cha Sahara, kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, ndipo mvula ya kumeneko ikatha amatsata ya kuno. Aliponso aakulu oyera a mapiko akuda, mlomo ndi miyendo yofiira, ochokera ku Ulaya. Onsewa amayenda m'minda ndi m'madambo kudya ziwala ndi ntchemberezandonda. Mlimi amene amawaponya miyala akuthamangitsa aganyu amene sanapemphe malipiro.

Kodi anthu anadziwa bwanji kumene mbalamezi zimachokera?

Mneneri Yeremiya, pa mutu 8 ndime 7, anadzudzula anthu a mtundu wake powayerekeza ndi mbalame zoyenda maulendo, pakati pa izo dokowe ndi namzeze, zimene sizilakwitsa nyengo yake pamene anthu a Mulungu anaiwala chilamulo cha Mwini wawo. Mneneriyo ankanena zimene maso ake ankaona. Dokowe sakonda kuuluka pamwamba pa nyanja yaikulu, chifukwa amadalira mpweya wotentha wokwera kuchokera pamtunda kuti umunyamule. Motero adokowe a kum'mawa kwa Ulaya amalambalala nyanja ya Mediterranean, nadzera ku Turkey, ku chigwa cha Yordano, ku Igupto, ndi kutsika ndi mtsinje wa Nile. Mu Ogasiti ndi Seputembala amadutsa dziko la Yeremiya zikwi mazanamazana. Dokowe woyera amene mudzamuone kudambo kwanu mu Disembala angakhale kuti anadutsa pamwamba pa mtsinje wa Yordano miyezi itatu yapitayo.

Koma anthu a ku Ulaya anakhala zaka mazana ambiri osadziwa kumene mbalame zawo zimapita. Kumapeto kwa chilimwe chawo ankaona anamzeze akusonkhana m'bango la m'mbali mwa maiwe, ndipo m'mawa wina ankapeza kuti onse asowa. Ambiri, ngakhale ophunzira, anakhulupirira kuti anamzeze amamira m'madzi nagona m'matope kufikira chisanu chitatha. Tisawaseke msanga. Ku Chigwa cha Shire kuli nsomba yotchedwa dowe imene imachitadi zotero: madzi akaphwa imadzikwirira m'matope, nikhala momwemo kudikira mvula. Kulakwa kwawo kunali kupatsa mbalame khalidwe la nsomba.

Mmodzi mwa amene anavutika ndi funso limeneli anali mbusa wa mpingo wa Anglican, Gilbert White, wa m'mudzi wa Selborne ku England. Munthuyu sanayende maiko akutali. Anakhala m'mudzi mwake, nalemba tsiku ndi tsiku zimene anaona m'munda ndi m'nkhalango: tsiku limene namzeze woyamba anafika, tsiku limene womaliza anaoneka, ngakhale tsiku limene kamba wake analowa m'nthaka. Buku lake linatuluka mu 1789 ndipo likusindikizidwabe. Iye anamwalira mu 1793 asanapeze yankho lenileni. Mpaka ukalamba wake ankakayikabe kuti kapena anamzeze ena amabisala pafupi. Chimene anasiyira dziko ndi chizolowezi chopenyetsetsa ndi kulemba tsiku.

Yankho linayamba kuoneka mu 1822, pamene kufupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany kunaphedwa dokowe woyera ali ndi mkondo wolasa pakhosi, wautali kuposa theka la mita, wosemedwa ndi mtengo wa ku Africa. Mlenje wina wa kuno anaulasa, koma mbalameyo inauluka nawo mpaka kwawo. Dokoweyo akusungidwabe ku yunivesite ya Rostock, mkondo uli pakhosi pomwepo. Pambuyo pake, mu 1899, mphunzitsi wa sukulu ku Viborg m'dziko la Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete topepuka kumwendo, tolembedwa nambala ndi keyala, kuti wotola mbalameyo amulembere kalata. Ndipo mu Meyi 1911 loya wina wa ku Cheadle ku England, John Masefield, anaveka mphete namzeze amene ankaswa pakhomo pake. Pa 23 Disembala 1912 namzeze yemweyo anagwidwa pa famu ina kufupi ndi Utrecht ku Natal, ku South Africa. Wa pafamupo sanataye mpheteyo. Mwini hotela ina ya ku Utrecht, atadziwa keyala ya pampheteyo, anakhala pansi kulemba kalata yopita ku London. Kalata imeneyo ndiyo inatsimikiza ulendo wa namzeze.

Taonani anthu ake: mbusa, mphunzitsi, loya, mlimi. Panalibe mmodzi yemwe amene ankalandira malipiro chifukwa choyang'ana mbalame.

Olemba a kuno kwathu

Mpingo wathu uli ndi mbali yake m'nkhaniyi. Mbusa David Clement Scott wa ku Blantyre Mission, amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, anasindikiza mu 1892 buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja. M'menemo muli maina ambiri a mbalame, nyama, mitengo ndi tizilombo, pamodzi ndi zimene anthu ankanena za izo. Sanazipeke yekha. Anazimva kwa amuna ndi akazi a m'midzi amene maina awo sanalembedwe. Kutsegula bukulo lero kumachititsa manyazi pang'ono, chifukwa mumapezeka mawu a chinenero chathu chomwe amene ife sitiwadziwanso.

Sir Charles Belcher, amene anali woweruza m'bwalo lalikulu la milandu, ankayenda m'tchire pa nthawi yake yopuma, ndipo mu 1930 anatulutsa buku la mbalame za Nyasaland. Atachoka iye kunabwera C. W. Benson, amene anafika mu 1932 kudzagwira ntchito ya boma. Boma lililonse limene anamutumizako, iye ankalemba mbalame za kumeneko. Mndandanda wake unatuluka mu 1953, ndipo mu 1977 iye ndi mkazi wake anasindikiza buku la mbalame za Malawi ku Montfort Press ku Limbe.

Koma dzina limene ndikufuna kuti anyamata athu alidziwe ndi la Jali Makawa. Iyeyu anali Mlomwe wobadwira ku Mozambique, ndipo anayamba kwa Benson ali mnyamata, pa ntchito ya kukhitchini. Posakhalitsa zinadziwika kuti maso ndi makutu ake si a munthu wamba. Ankatha kumva mbalame ikulira m'nkhalango yowirira nadziwa kuti imeneyi sanaimvepo. Ankathanso kutsanzira kulira kwa mbalame mpaka iyo kubwera yokha pafupi. Anayenda ndi Benson m'mapiri a Malawi ndi Zambia, ndipo mu 1958 anapita naye ku zilumba za Comoro pa ulendo wofufuza mbalame. Akatswiri ena a ku Ulaya ndi ku America ankamupempha kuti awaperekeze. M'nkhalango za m'mapiri a kumwera kwa Malawi muli mbalame imene dzina lake la m'mabuku a sayansi limathera ndi mawu akuti makawa, pomulemekeza iyeyu. Anamwalira mu 1995. Pachikuto cha mabuku pali maina a Azungu, ndipo n'zoona kuti iwo ndiwo anagwira cholembera. Koma mbali yaikulu ya zimene zili m'katimo inadzera m'makutu a Makawa. Ndimadzifunsa kuti tikanakhala ndi chuma chotani iye akanasiya makope akeake, olembedwa m'chinenero chathu.

Tinene poyera kuti masiku amenewo ofufuza ankawombera mbalame kuti asunge zikopa zake m'nyumba zosungiramo zakale. Lero sikufunikanso kutero. Maso, kope, ndi chithunzi cha pa foni n'zokwanira.

Buku latsopano la mbalame za Malawi, la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, linatuluka mu 2006, ndipo likuonetsa kuti dziko lathu laling'onoli lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Mapu a m'bukulo anapangidwa posonkhanitsa zimene anthu ambiri analemba pa zaka zambiri. Ndipo zolembedwa zoterezi ndi zimene zimatiuza chimene tataya. M'nkhalango ya phiri la Thyolo munkakhala mbalame ya pansi imene inalembedwa koyamba mu 1927, nipatsidwa dzina la phirilo, Thyolo alethe. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 nkhalango ya paphiripo inali itadulidwa pafupifupi yonse kusanduka minda. Mbalameyo yatsala m'tinkhalango tochepa, ku Mulanje, ndi m'mapiri angapo a ku Mozambique. Ilipo inanso yaing'ono ya pakhosi pachikasu, yellow-throated apalis, imene padziko lonse lapansi imapezeka ku Malawi kokha, m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa. Pakanapanda wolemba, zikanatha mwakachetechete, ife osadziwa n'komwe kuti zinalipo.

Kope la pabanja

Ku Norfolk, ku England, mwini munda wina dzina lake Robert Marsham anayamba mu 1736 kulemba chaka ndi chaka masiku a zizindikiro 27 za kutha kwa chisanu: tsiku limene mtengo wakutiwakuti waphuka, limene achule ayamba kulira, limene namzeze wafika. Atamwalira, ana ake anapitiriza, kenaka adzukulu, mpaka 1958. Banja limodzi, zaka zoposa 200. Lero akatswiri ofufuza za kusintha kwa nyengo amagwiritsa ntchito makope amenewo pofuna kudziwa ngati mitengo ikuphuka msanga kusiyana ndi kale.

Kuno kwathu aliyense akudandaula kuti mvula siikubweranso pa nthawi yake. Akuluakulu amati kale ankabzala kumayambiriro kwa Novembala. Achinyamata amati akuluwo akukokomeza. Mkangano umenewu ukanatha msanga pakanakhala kope m'mudzi limene gogo wina analembamo tsiku la chizimalupsa, la mvula yobzalira, ndi la inswa zoyamba kwa zaka makumi anayi. Kope lotero kulibe m'midzi yambiri. Koma lingayambike chaka chino, ndipo mtengo wake ndi wa kope limodzi la sukulu ndi pensulo.

Kalembedwe kake n'kosavuta. Lembani tsiku, malo, chimene mwaona, kuchuluka kwake, ndi mmene kunja kunalili. Dzina mufunse kwa agogo, ndipo ngati a kuchimuna ndi a kuchikazi atchula mosiyana, lembani onse awiri, chifukwa maina a mbalame amasiyana boma ndi boma ndipo lililonse ndi chuma. Mbalame imene palibe akuidziwa, ijambuleni ndi pensulo, mulembe kukula kwake poiyerekeza ndi mpheta, pumbwa, njiwa kapena khwangwala, ndiponso mtundu wa mlomo ndi miyendo. Chofunika koposa ndi kusalemba chimene simunaone. Mwana amene waona adokowe asanu ndi awiri asalembe zana pofuna kudabwitsa anzake. Lamulo lachisanu ndi chinayi, loletsa umboni wonama, limagwiranso ntchito m'kope la mbalame, ndipo ine ndikuona kuti pali njira zochepa zophunzitsira mwana kunena zoona zoposa imeneyi, chifukwa pano bodza silimupindulira kanthu ndipo palibe womuona. Nthawi yabwino yolemba ndi madzulo, banja litasonkhana kudikira mapemphero, aliyense nanena chimene waona tsikulo. Mudzadabwa kuona kuti wopita kukatunga madzi ndi wobusa mbuzi ndiwo amabwera ndi nkhani zambiri kuposa wa ku sekondale.

Tsopano za legeni. Sindikufuna kunamizira kuti ine sindinaigwirepo, kapena kuti mwana wa kumudzi amene wapha njiwa ya ndiwo wachita tchimo losakhululukidwa. Njala ndi yeniyeni, makamaka miyezi ikubwerayi. Ku nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso pafupifupi yonse mu 2018, mabanja ambiri amadalira mbalame za m'madzi nsomba zikasowa, ndipo ofufuza a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayerekeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa kumeneko pachaka. Munthu wokhuta asafulumire kuweruza. Koma pali kupha kwina kumene si kwa njala: kulasa namzeze pawaya pofuna kuyesa dzanja, nyama yake yosakwana ndi pakamwa pomwe, kutchera ulimbo m'bango mogona mbalame zikwizikwi, kuyatsa tchire mu Okutobala chifukwa cha mbewa zingapo. Kumbukirani mazira a lumbe aja ali pamasamba ouma. Moto wa mochedwa chotere umapsereza mazirawo pamodzi ndi a nkhwali, umapha mitengo yaing'ono, ndipo umasiya nthaka yambulanda kuti mvula yoyamba iikokolole. Ndaona kuti mnyamata amene wapatsidwa udindo wolemba tsiku la kufika kwa namzeze amayamba kuuona mwina. Maso amene anazolowera kuloza legeni ndi omwewo amene amafunika pa ntchitoyi, ndipo kawirikawiri katswiri wa legeni ndiye amakhala katswiri wa kope.

Inu makolo, mwana akabwera ndi mbalame yakufa ili ndi kamphete kumwendo, musayambe ndi kumukalipira, ndipo musaope kuti ndi za ufiti kapena kuti boma likugwirani. Lembani nambala yonse ndi mawu onse a pampheteyo, tsiku, ndi malo amene mbalameyo yapezeka. Kumwera kwa Africa ntchito yoveka mphete inayamba mu 1948, ndipo kaundula wake amasungidwa ku yunivesite ya Cape Town. Mphete za ku Ulaya zimakhala ndi dzina la mzinda kumene zinachokera. Aphunzitsi oyang'anira kalabu ya zachilengedwe pasukulu, kapena a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, angakuthandizeni kutumiza uthengawo. Kawirikawiri yankho limabwera, lonena dziko ndi tsiku limene mbalameyo inavekedwa.

Mlendo womaliza amafika mvula itakhazikika, cha mu Disembala, ndipo ulendo wake ndi wautali kuposa wa onse tawatchulawa. Ndi kabawi wamng'ono wotchedwa Amur falcon, amene amaswa kum'mawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene ife tikudikira chizimalupsa, iye amakhala akupuma kumpoto cha kum'mawa kwa India, m'dera la Nagaland. Kuchoka apo amadutsa India yense, nawoloka nyanja yamchere makilomita pafupifupi 3,000 osatera, mpaka kufika ku Africa. Mu 2012 anthu ochepa okonda zachilengedwe anapita ku damu la Doyang ku Nagaland ndi makamera, napeza kuti asodzi a kumeneko ankatchera maukonde m'mitengo ndi kugwira akabawi oposa 100,000 pa nyengo imodzi. Anajambula, nalemba, nafalitsa. Anthu a m'midzi imeneyo, monga wa Pangti, ambiri ndi Akhristu a mpingo wa Baptist. Mafumu, boma, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo anakhala pansi ndi alenje, ndipo m'chaka chotsatira, 2013, kuphako kunalekeka. Lero alendo amapita kumeneko kukaona mbalamezo, ndipo ena mwa alenje akale ndiwo amazilondera.

Muwayang'ane pamawaya a magetsi ndi pamitengo youma ya m'mbali mwa minda, kawirikawiri ali pagulu. Tambala ndi wotuwa ngati phulusa, miyendo yofiira, ndipo akatambasula mapiko kunsi kwake n'koyera. Mkazi ali ndi mawangamawanga pachifuwa. Mvula ikakata madzulo inswa n'kuyamba kutuluka, amauluka chapansipansi, kugwira inswa ndi phazi ndi kudyera m'mwamba momwemo.